Rauta yatsopano yafika, imelo yakana kutseguka: vuto lili pati?

Dzuwa likangolowa kumtunda kwa Maganga, nyanja imayamba kuyaka. Nyali za asodzi a usipa zimandandalika kuchokera ku Nguwo mpaka kupitirira chilumba cha Namalenje, ngati tauni yomwe yangomera pamadzi. Tiyerekeze kuti ndi madzulo otere pamene mayi wina, mwini kanyumba kogona alendo ku Senga Bay, akumasula katoni yomwe wabwera nayo kuchokera ku Lilongwe. Mkatimo muli rauta yatsopano, kabokosi koyera komwe kazigawa intaneti panyumba ponse.

Mwana wa mchimwene wake, yemwe ndiye katswiri wa mafoni pabanjapo, sakuchedwa. Watulutsa simukhadi m'foni yakale ya azakhali akewo, waiika m'rauta, walumikiza kumagetsi. Timagetsi tobiriwira tayaka. Pasanathe mphindi khumi ana ali kale pa YouTube, mauthenga a WhatsApp akulowa motsatizana. Mayiyo watsegula laputopu kuti ayankhe alendo omwe akufuna zipinda zitatu Loweruka likubwerali, koma Gmail yakana. Ikuti yatumiza nambala yotsimikizira kufoni, pomwe foniyo ili zii. Walembanso pasiwedi kachiwiri, kachitatu, mpaka kachisanu.

"Chinthu chakochi chandidyera imelo," akutero mayiyo, diso lili pa kabokosi.

"Azakhali, dikirani kaye, musalembenso," akuyankha mnyamatayo.

Mnyamatayu akulangiza bwino. Rauta sisunga pasiwedi ya imelo, siisintha, ndipo singaifufute. Ntchito yake ndi kungokhala njira yodutsira. Koma njira ikasintha, zinthu zingapo zimasinthira limodzi, ndipo chimodzi mwa zimenezo n'chomwe chimatseka khomo. Wochifufuza modekha, chimodzichimodzi, nthawi zambiri amachipeza tiyi asanazizire. Wopupuluma ndi amene amathera posintha pasiwedi yabwinobwino, kapena kutsekeredwa kunja masiku angapo.

Imelo ndi mpamba kunyanja kuno

Wina akhoza kufunsa kuti imelo ili ndi ntchito yanji masiku ano, poti aliyense ali pa WhatsApp. Yankho lake likupezeka m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga lomweli. Malo ogona alendo a ku Senga Bay, kuyambira ku hotela yaikulu ya Sunbird Livingstonia mpaka timaloji ta zipinda zochepa, amalandira makalata osungitsa malo ndi a malipiro kudzera pa imelo. Wophunzira yemwe wakhoza Fomu 4 amafunika kukhala ndi imelo pofunsira malo kusukulu zaukachenjede kudzera ku bungwe la NCHE. Wofuna ntchito amatumiza makalata ake pa imelo. Wamalonda wolembetsa misonkho ku MRA amafunsidwa imelo. Ngakhale foni ya Android, yomwe ili m'matumba mwa anthu ambiri, imatsamira pa akaunti ya Gmail kuti mwini wake atenge mapulogalamu ndi kusunga manambala a abale ake a ku Joni.

Marauta nawo achuluka. Makampani a TNM ndi Airtel amagulitsa marauta ndi timabokosi tonyamula m'manja ta MiFi, zonse zoyendera simukhadi. Kuyambira mu 2023, Starlink, yomwe imatenga intaneti kuchokera kumasetilaiti, inayamba kugwira ntchito m'dziko muno italandira chilolezo ku bungwe la MACRA, ndipo mbale zake zayamba kuoneka pamadenga a maloji ndi maofesi. Vuto n'lakuti wodziwa kukonza zinthuzi sakhala pafupi nthawi zonse. Kuchoka ku Senga Bay kukafika ku Salima boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndipo kunyamula laputopu pa kabaza kukaonetsa ku Kamuzu Road ndi ndalama komanso tsiku lathunthu.

Mayeso awiri oyambirira

Asanakhudze chilichonse, munthu ayese zinthu ziwiri zomwe sizidya ngakhale mphindi zisanu.

Choyamba, azimitse Wi-Fi pafoni, ayatse intaneti ya simukhadi ya m'fonimo, kenaka atsegule imelo. Ikatseguka, ndiye kuti akaunti ndi pasiwedi zili bwino, ndipo vuto lili panjira yatsopanoyo. Ikakananso, rauta ilibe mlandu; zofufuza zili ku akaunti kapena ku chipangizocho.

Chachiwiri, asiye kaye pulogalamu yomwe amawerengera makalata, atsegule Chrome kapena Firefox, alembe yekha adiresi ya gmail.com, outlook.com kapena ya komwe kuli imelo yake. Akalowa bwinobwino kumeneko koma pulogalamu ikukanabe, ndiye kuti yofunika kukonza ndi pulogalamuyo.

Mayeso awiriwa amadula nkhani pakati, ndipo munthu amadziwa mbali yoyang'ana m'malo molimbana ndi zonse nthawi imodzi.

Bandulo yake ndi yotani?

Chifukwa chosavuta kuposa zonse ndi chomwe anthu amachilumpha kawirikawiri. M'Malawi muno muli mabandulo omwe amagwira ntchito pa WhatsApp, Facebook kapena mapulogalamu ochezera okhaokha. Simukhadi yomwe ili ndi bandulo yotere ikalowa m'rauta, mauthenga a WhatsApp akhoza kumayenda, timagetsi tonse tili tobiriwira, koma imelo osatseguka, chifukwa bandulo imeneyo sifika kumeneko. Zimachitikanso kuti bandulo ya intaneti yonse yatha usiku womwewo. Kale inkadyedwa ndi foni imodzi. Tsopano mafoni asanu, laputopu ndi wailesi yakanema zonse zikumwa pachitsime chimodzi, ndipo zambiri mwa zipangizozi zikangoona Wi-Fi zimayamba kudzitengera zokha mapulogalamu atsopano.

Bandulo ikatha, netiweki ina imatembenuzira munthu ku tsamba logulira bandulo ina. Pulogalamu ya imelo simvetsa zimenezi, choncho imangodandaula kuti yalephera kulumikizana kapena kuti siikukhulupirira seva, makina omwe amasunga makalata. Kuyesa kwake n'kophweka: kutsegula tsamba lililonse la nyuzipepala. Likakana, vuto si imelo ayi.

Mlonda waona mlendo

Ngati masamba ena akutseguka koma imelo ikufunsa mafunso, ndiye kuti munthu wakumana ndi mlonda. Chipangizo chilichonse chikalowa pa intaneti chimaoneka ndi nambala yake yotchedwa adiresi ya IP, ndipo makampani ngati Google, Microsoft ndi Yahoo amakumbukira komwe mwini akaunti amachokera masiku onse. Zili ngati mlonda wa paloji yemwe anazolowera kuona abwana akulowera pageti la kumsewu m'mawa uliwonse. Tsiku lina usiku aone munthu akutsika m'bwato kunyanja, atanyamula makiyi enieni a nyumbayo. Mlonda wanzeru satsegula msanga ngakhale makiyiwo ali oona. Amayamba wafunsa kuti, "Ndinu ndani?"

Rauta yatsopano imabweretsa adiresi yatsopano. Pa netiweki za mafoni, adiresi imodzi amagawana anthu ambirimbiri, ndipo munthu ali phee kwa Maganga akhoza kuoneka ngati ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pa intaneti ya setilaiti akhoza kuoneka ngati ali kunja kwa dziko. Mlonda uja akaona zotere amapempha umboni wachiwiri: nambala ya manambala 6 yomwe imatumizidwa pa SMS, kapena funso lomwe limatulukira pafoni ya mwini wake loti avomereze kuti ndi iyeyo.

Apa ndi pamene mayi wa ku Senga Bay uja wakodwa. Nambala yomwe analembetsa potsegula Gmail ndi ya simukhadi yakale ija, ndipo simukhadiyo tsopano ili m'mimba mwa rauta. Uthenga wafika ndithu, koma wafikira m'kabokosi komwe kalibe sikirini.

Njira zotulukira zilipo ziwiri. Ina ndi kuzimitsa rauta, kubwezera simukhadi m'foni kwa kanthawi, n'kulandira uthengawo. Ina, yomwe ambiri saidziwa, ndi yakuti marauta ambiri a simukhadi ali ndi tsamba lawolawo lomwe limaonetsa ma SMS. Pansi pa rauta pamakhala kapepala komata kolembedwa adiresi yake: pa marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1, pa ena ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Munthu akalemba manambala amenewa mu Chrome ali pa Wi-Fi ya rautayo, n'kulowa ndi dzina ndi pasiwedi zolembedwa pakapepalapo, amapeza gawo la mauthenga. Tsambali limatseguka ngakhale bandulo itatha, chifukwa lili m'rauta momwemo. Nambala yotsimikizirayo imatha mphamvu pakapita nthawi yochepa, choncho ndi bwino kupempha ina tsambalo lili chotsegula.

Pali ena omwe vuto lawo ndi lozama kuposa apa. Foni anagula pamsika, wogulitsayo n'kuwatsegulira Gmail pomwepo, n'kulembapo nambala yake ya iye mwini. Ena nambala yomwe analembetsa inatayika ndi foni yomwe inagwera m'nyanja zaka zitatu zapitazo. Malinga akaunti sinafunse kanthu, zonse zimaoneka zabwino. Rauta yatsopano imangovundukula vuto lomwe linali chikhalire. Ngati nambala yotayikayo inalembetsedwa m'dzina la mwini wake, monga momwe lamulo lakhala likufunira kuyambira mu 2018, iye akhoza kupita ku ofesi ya kampani ya foniyo ndi chiphaso cha unzika kukapempha simukhadi ina ya nambala yomweyo. Asachedwe, chifukwa nambala yomwe yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatha kupatsidwa kwa munthu wina. Zikakanika, Google ili ndi njira yobwezera akaunti, ndipo imayenda bwino kwambiri munthu akayesera pa chipangizo chomwe ankalowera kale komanso pa netiweki yake yakale. Nthawi zina yankho limatenga masiku angapo.

Kulemba pasiwedi mobwerezabwereza kumangoonjezera chikayiko cha mlonda, ndipo akhoza kutseka khomo kwa kanthawi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koloko yasokonekera

Chifukwa china n'chodabwitsa kwa ambiri: tsiku ndi nthawi. Tsamba lililonse lotetezedwa limaonetsa chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Kompyuta imayerekeza masikuwo ndi koloko yake. Ngati kolokoyo ikunena kuti tili mu 2015, kompyuta imaona ngati chiphasocho n'chabodza, ndipo imakana kupitirira.

Izi zimachitika kwambiri ndi makompyuta akale omwe anthu amagula ogwiritsidwa kale ntchito. Mkati mwake muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri ka mtundu wa CR2032, komwe kamasunga nthawi makina akazima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima kapena munthu akangozula nthambo kuti apeze pobayira rauta, tsiku limabwerera m'mbuyo. Kukonza kwake ndi kulowa pomwe pali tsiku ndi nthawi, n'kusankha kuti zizidzikonza zokha. Nthawi ya Malawi ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya GMT. Pa Windows imapezeka pamzere wolembedwa Harare, Pretoria. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yotulutsa manambala otsimikizira ngati Google Authenticator asamale kwambiri, chifukwa manambalawo amasintha masekondi 30 aliwonse, ndipo koloko ikaphonya pang'ono amakanidwa.

Pulogalamu yakalamba

Ngati imelo ikutseguka mu Chrome koma ikukana mu Outlook yakale kapena pulogalamu ina ya makalata, mwina pulogalamuyo yatsalira. Kuyambira pa 30 Meyi 2022, Google inasiya kulola mapulogalamu omwe amalowa mu Gmail ndi dzina ndi pasiwedi zokha. Microsoft inachitanso chimodzimodzi pa maakaunti a Outlook.com ndi Hotmail kuyambira pa 16 Sepitembala 2024. Pulogalamu yotere imangofunsa pasiwedi mobwerezabwereza, ngakhale mwini wake akulemba yolondola. Chofunika ndi kutenga pulogalamu yatsopano, kuchotsa akaunti n'kuiikanso kudzera pa tsamba lolowera la Google kapena Microsoft. Pa Gmail palinso pasiwedi yapadera ya zilembo 16 yopangira pulogalamu imodzi, yomwe imapezeka kwa okhawo omwe anayatsa kutsimikizira kawiri.

Maloji, masukulu ndi mabungwe omwe ali ndi imelo ya dzina lawolawo amakumana ndi zina. Makalata amalowa ndi kutuluka kudzera pa makomo a manambala, omwe akatswiri amati mapoti. Olandirira ndi 993 pa IMAP kapena 995 pa POP, ndipo otumizira ndi 587 kapena 465. Khomo lakale la 25 ambiri opereka intaneti analitseka pofuna kuletsa makalata achinyengo. Choncho makalata akamalowa koma osatuluka chiikire rauta yatsopano, poyang'ana ndi pomwepo: mwina kompyuta inkatumizira pa 25, ndipo netiweki yakale inkalola.

Palinso msampha wina wa maimelo a mabungwe. Seva zambiri zimatseka adiresi ya IP yomwe yalephera kulowa kangapo motsatizana. Tabuleti yakale yomwe ili m'kabati ya ku ofesi, yokhala ndi pasiwedi yomwe inasinthidwa chaka chatha, ikangolumikizidwa ku Wi-Fi yatsopano imayamba kugogoda yokha mphindi zingapo zilizonse. Seva imatseka nyumba yonse. Chizindikiro chake n'chakuti aliyense pamalopo akulephera kulowa akakhala pa Wi-Fi, koma akatuluka panja ndi intaneti ya pafoni zonse zikutheka. Mankhwala ake ndi kupeza chipangizo chogogodacho, kukonza pasiwedi yake, n'kupempha omwe amasunga imelo ya bungwelo kuti atsegule adiresiyo.

Pamene rauta ili ndi mlandu

Nthawi zina vuto limakhaladi m'kabokosimo. Choyamba kuchita ndi kuizula kumagetsi, kudikira theka la mphindi, n'kuibayanso. Pa netiweki za mafoni, zimenezi kawirikawiri zimabweretsa adiresi ina.

Zikapitirira, pali DNS, yomwe imagwira ntchito ngati mndandanda wa maina m'foni: munthu amalemba dzina la tsamba, iyo n'kupeza nambala yake. DNS ikafooka, masamba ena amatseguka, ena ayi. Pa tsamba la rauta kapena pa chipangizo chenichenicho, munthu akhoza kuikapo 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare, zomwe ndi zaulere. Ndi bwinonso kuona ngati gawo lotetezera ana kapena lotchinga masamba silinayatsidwe mopyola muyeso. Tsamba lolowera likamayamba kutseguka n'kuima pakati, kapena kalata yokhala ndi chithunzi ikamakakamira osapita, vuto likhoza kukhala kukula kwa timapaketi ta uthenga, komwe pa rauta kumalembedwa kuti MTU. Kawirikawiri imakhala 1500, ndipo kuitsitsa kufika cha m'ma 1400 kumathandiza pa netiweki zina. Wosintha izi ayambe wajambula chithunzi cha momwe zinalili kuti athe kubwezera.

Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset, komwe anthu amabayamo ndi waya kapena kamtengo ka machesi. Kameneka n'komalizira. Kamafufuta dzina la Wi-Fi, pasiwedi yake, ndipo pa marauta ena kamafufutanso APN, yomwe ndi dzina lomwe rauta imalowera nalo pa netiweki ya kampani. Munthu yemwe anali ndi vuto la imelo lokha akhoza kutsala wopanda intaneti n'komwe.

Mapasiwedi atatu, ndi akuba omwe amadikira

Rauta ikalowa m'nyumba, mapasiwedi amakhala atatu: ya Wi-Fi, yolowera pa tsamba la rauta, ndi ya imelo. Kuwasokoneza n'kosavuta, makamaka tsiku loyamba, ndipo ambiri amalemba ya Wi-Fi pomwe pakufunika ya imelo. Yolowera pa tsamba la rauta nthawi zambiri imabwera ili mawu odziwika kwa aliyense, monga admin. Iyenera kusinthidwa tsiku lomwelo, makamaka ngati simukhadi yolandira manambala otsimikizira ili mkatimo. Paloji, mlendo aliyense yemwe wapatsidwa Wi-Fi akhoza kutsegula tsambalo n'kuwerenga mauthenga onse, kuphatikizapo a Airtel Money kapena Mpamba ngati nambalayo ndi yomweyo. N'chifukwa chake rauta imafunika simukhadi yakeyake, yosalumikizidwa ndi imelo, banki kapena ndalama za pafoni.

Munthu wotsekeredwa kunja amakhala ndi nkhawa, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Uthenga wonena kuti akaunti yatsekedwa, dinani apa kuti itseguke, ndi nyambo. Google ndi Microsoft saimbira munthu foni kumufunsa pasiwedi kapena nambala yomwe walandira pa SMS. Aliyense wopempha nambala imeneyo akufuna kulowa m'nyumba ya eni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina kapena m'zinthu za munthu wina popanda chilolezo, ndipo wochitiridwa zotere akhoza kukadandaula kupolisi kapena ku MACRA. Ngakhale popita kwa wokonza mafoni, mwini wake alembe yekha pasiwedi, osaitchula pakamwa kapena kuisiya papepala.

Kwa mayi wa ku Senga Bay uja, nkhani yathera pa tsamba la rauta. Mnyamatayo walemba manambala a pakapepala, watsegula gawo la mauthenga, ndipo ma SMS onse otsimikizira ali pomwepo, ondondozana. Apempha nambala ina, mayiyo wailemba yekha, makalata atseguka, alendo a Loweruka ayankhidwa. M'mawa mwake mnyamatayo watumidwa kukagula simukhadi ina ya rauta, yakale ija yabwerera m'foni.

Inu amene mukuganiza zogula rauta, kapena mwaigula kale ndipo zonse zikuyenda, tsegulani akaunti yanu lero, imelo ikadali yotseguka. Onani nambala ya foni yomwe inalembetsedwa, ndipo ngati si yanu kapena inatayika, ikanipo yomwe muli nayo m'manja. Onjezerani imelo yachiwiri yothandizira kubweza akaunti. Ngati muli pa Gmail ndipo munayatsa kutsimikizira kawiri, tengani manambala khumi osungira omwe Google imapereka, iliyonse ya manambala 8, muwalembe papepala n'kuwasunga pamodzi ndi chiphaso chanu cha unzika. Mukatero, gulani simukhadi yapadera ya rautayo musanaiyatse.